Akumwa mankhwala koma "palibe kusintha": chimene chimatsalira pa schizophrenia yosamva mankhwala

Mwa anthu atatu alionse odwala schizophrenia, matenda a m'maganizo amene amachititsa munthu kumva mawu a anthu amene palibe ndi kukhulupirira zinthu zimene sizili choncho, pafupifupi mmodzi sapeza bwino ndi mankhwala amene amathandiza anzake. Amamwa mapiritsi, amabayitsa jakisoni wa pamwezi, mwina anagonekedwako ku chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba, koma abale akafika naye ku Room 6, kiliniki ya matenda a m'maganizo ya pa Gulupu kuno ku Blantyre, mawu awo amakhala omwe aja: "Palibe kusintha."

Mukawafunsa magadiyani atatu kuti chimene sichinasinthe n'chiyani kwenikweni, mumva mayankho atatu. Wina anena kuti mwana wake akukanganabe ndi anthu osaoneka usiku wonse. Wina ati mawu amene wodwala wake ankamva analeka kalekale, koma munthuyo amangokhala pakhonde, sasamba, sayankha, ngakhale kudya mpaka kumukakamiza. Wachitatu adandaula kuti m'bale wake sakhazikika, amangozungulira nyumba, ndipo chiwonjezereni mankhwala zinthu zafika poipa. Onse atatu angathe kulembedwa m'buku la kuchipatala kuti mankhwala akukanika. Koma mavuto awo ndi osiyana, ndipo chimene chingathandize woyamba chikhoza kumupweteka wachitatu.

Mu 2022 bungwe la WHO linati anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lapansi ali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa 300. Kawirikawiri amayamba munthu akumaliza sekondale kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amuna amayamba msangako kuposa akazi. Mankhwala ake anatulukira mu 1952 pamene madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anayesa chlorpromazine pa odwala awo. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Awiriwa, pamodzi ndi jakisoni wa fluphenazine amene ambiri amangomuti Modecate, komanso risperidone akapezeka, ndiwo timadalira m'zipatala za boma. Mayina ndi ambiri koma kagwiridwe ka ntchito n'kamodzi: onse amatseka malo ena mu ubongo pamene dopamine, kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo, amafikira. Choncho munthu akachoka pa chlorpromazine n'kupita pa haloperidol, wasintha dzina ndi zovuta zimene mankhwala amabweretsa, koma njira yake ikadali yomweyo.

Amati "yosamva mankhwala" zikafika pati?

Kwa zaka zambiri dokotala aliyense ankayeza ndi muyezo wake. Mu 2017 gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, lotchedwa TRRIP, motsogozedwa ndi Oliver Howes wa ku London, linagwirizana chimodzi. Munthu akhale atayesa mankhwala awiri osiyana, aliwonse kwa masabata osachepera 6, pa mulingo wofanana mphamvu ndi 600 mg ya chlorpromazine patsiku. Pakhale umboni woti wamwadi, osachepera mapiritsi 80 mwa 100 alionse amene anapatsidwa. Ndipo zizindikiro zikhale zikadali zamphamvu moti zikumulepheretsa kukhala ndi kugwira ntchito monga anzake. Gululi linawonjezera mfundo ziwiri zimene ambiri amazilumpha: dokotala alembe kuti ndi zizindikiro ziti zimene zakana, ndiponso kuti kukanako kunayamba liti.

Tonse tinamvapo za TB yosamva mankhwala, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti ndi nkhani imodzi. Pa TB kachilombo ndiko kamasintha, ndipo makina a GeneXpert amakagwira m'makhololo. Pa schizophrenia palibe kachilombo, palibe makina okuuzani kuti uyu mankhwala akutiakuti samugwira, ndipo sapatsirana. Umboni wonse uli mu mbiri ya wodwala: anamwa chiyani, mulingo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chinasintha n'chiyani. Kuno mbiri imeneyo imakhala m'kabuku ka kuchipatala kaja. Kakanyowa ndi mvula, kakadzaza n'kugula kena, kapena wodwala akakang'amba pa nthawi imene mutu sukuyenda bwino, zaka zisanu za chithandizo zimapita nako, ndipo amene akumuona lero amayambiranso pa chlorpromazine ngati munthu watsopano.

Asanatchulidwe kuti wakanika, funso loyamba ndi loti mankhwalawo amafikadi m'magazi mwake. Robert McCutcheon ndi anzake ku London anayeza magazi a anthu amene anatumizidwa kwa akatswiri poti mankhwala akukana, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu analibe mankhwala okwanira m'thupi. Kumeneko n'ku London. Nanga mayi wa ku Mdeka kapena ku Lirangwe amene tsiku la kiliniki likafika alibe ya minibasi ya anthu awiri? Mwezi uno mankhwala amene anazolowera kulibe, apatsidwa ena. Mwezi wamawa abwereranso pa akale, ndipo palibe amene anafika masabata 6 pa mulingo woyenera. Mnyamata wa ganyu amasiya piritsi la m'mawa chifukwa likamugwira amagona mpaka dzuwa paliwombo, ganyu atatenga ena. Banja lina limabisa mapiritsi m'mwezi wa njala chifukwa "mankhwalawa amafuna chakudya", ndipo sakunama, chlorpromazine amapatsadi njala. Ena anauzidwa kumapemphero kuti kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro.

Palinso amene amamwa mokhulupirika koma chiwindi chimachotsa mankhwalawo msanga. Rifampicin, amene ali m'mapiritsi a TB, amatsitsa kwambiri mulingo wa haloperidol ndi risperidone m'magazi. Carbamazepine, amene amaperekedwa pa khunyu komanso kwa odwala ena a m'maganizo, amachita chimodzimodzi. Utsi wa fodya umatsitsa olanzapine ndi clozapine, mankhwala enanso a matendawa. Munthu amene anali bwino kwa zaka, n'kuyamba mankhwala a TB mu Januwale, mawu n'kubwerera mu Febuluwale, sanasanduke wosamva mankhwala. Chamba nacho chimadzutsa zizindikiro ngakhale mapiritsi akumwedwa, ndipo mnyamata sanganene zoona zake amalume ake atakhala pambali pake. Pomaliza, mwina matendawo si schizophrenia n'komwe: khunyu ya mtundu wina yosagwetsa munthu, HIV kapena chindoko chofika ku ubongo, ngakhale matenda osinthasintha a kukondwa mopyola ndi kukhumudwa, onsewa amatha kuoneka ngati iyo. N'chifukwa chake akatswiri a TRRIP amati ngati n'kotheka munthu ayesedwe pa jakisoni kwa miyezi yosachepera 4, poti jakisoni sabisika pansi pa lilime.

Mawu amene sakuleka

Tikachotsa onsewo, amatsala amene mankhwala akuwafikadi koma osawagwira. Chooneka msanga pa iwo ndi zimene matendawa amawonjezera pa munthu: kumva mawu a anthu amene palibe, ndi kukhulupirira mwamphamvu zinthu zimene sizili choncho. Mawuwo amatha kumutukwana, kukambirana za iye ngati palibe, kufotokoza chilichonse chimene akuchita, kapena kumulamula. Olamulawo ndiwo oopsa, makamaka akamamuuza kuti asadye, adzipweteke kapena apweteke wina.

Funso loti "mukuwamvabe?" ndi losakwanira, chifukwa yankho lake ndi ee kapena ayi basi. Muyezo umene ofufuza amagwiritsa ntchito kwambiri, wotchedwa PANSS, wa mu 1987, uli ndi mfundo 30, ndipo iliyonse imapatsidwa mphamvu yake. Pakhomo simufunika pepala limenelo kuti muone kusintha. Munthu amene ankamva mawu tsiku lonse koma tsopano amawamva madzulo okha, amene ankawayankha mokuwa koma tsopano amangopukusa mutu n'kupitiriza kusenda mbatata, ameneyo mankhwala akumugwira ngakhale mawu sanathe. Wina amene wamaliza mankhwala awiri koma akugonabe ndi chikwanje kumutu, akukanabe nsima ya mlamu wake poti muli poizoni, ndiye amene nkhani ino ikunena.

Za ufiti zimafuna kusamala. Ku Ndirande kapena ku Chilomoni munthu kunena kuti analodzedwa si chizindikiro cha matenda pachokha. Amayi ake, abusa ake, mwina ndi namwino amene akumuthandizayo, angakhulupirire zomwezo. Amene amathandiza kusiyanitsa ndi abale omwewo. Iwo amene amakhulupirira za ufiti akafika ponena kuti "koma izi zokha sizikumveka", poti wodwala akuti owulutsa nkhani pa wailesi akunena za iye, kuti maganizo ake akuzulidwa m'mutu anthu onse n'kumawamva, kuti aliyense wokwera minibasi ya ku Limbe anachita kutumidwa, pamenepo ndi matenda. Dokotala amene akudikira kuti wodwala asiye kukhulupirira za ufiti kuti amuyese wochira adzawonjezera mankhwala mpaka kalekale.

Wangoti duu

Gulu lachiwiri ndi la zimene matendawa amamulanda munthu: chidwi, mawu, nkhope yosonyeza chimwemwe kapena chisoni, chilakolako chocheza ndi anthu, mphamvu yoyamba chinthu n'kuchimaliza. Izi sizichititsa phokoso, sizibweretsa apolisi, choncho zimachedwa kufika kuchipatala. Koma ndizo zimadya banja mwakachetechete, ndipo ndizo zimabala mawu akuti waulesi, wamwano, wodzikonda. Mu 1980 Tim Crow wa ku Britain ananena kale kuti zizindikiro zamtunduwu sizimva mankhwala otseka dopamine monga zimachitira zoyamba zija, ndipo mpaka lero mfundo imeneyi sinagwe.

Chovuta n'chakuti munthu wongokhala duu angakhale choncho pa zifukwa zosiyana kotheratu. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24 wa ku Bangwe, wabwera ndi mayi ake.

"Mayi, mawu aja akuwamvabe?"

"Ayi adokotala, amenewo analeka. Koma mwana wanga si uja ayi. Amangoti maso tong'o. Mukamufunsa kanthu, 'ee', 'ayi', basi. Muwonjezereko mankhwala mwina."

"Achimwene, taimirirani. Muyende mufike pachitsekopo, mubwerere."

Mnyamata adzuka mochedwa, ayenda timapazi tating'onoting'ono, manja ali m'mbali osagwedera, nkhope ili gwa, dovu lili pakamwa. Dokotala amugwira dzanja, alipinda pachigongono, ndipo likubwera modukizadukiza. Zala zikunjenjemera. Uku si kukula kwa matenda, ndi haloperidol kapena Modecate wachuluka. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mulingo kapena kusintha, osati kuwonjezera monga apemphera mayiwo.

Mnyamata wina angalowe m'chipinda chomwecho ndi dandaulo lomwelo, koma iye n'kuyenda bwinobwino, thupi lofewa. Mukamufunsa mofatsa akuuzani kuti amadziona wopanda pake, kuti anzake a Fomu 4 ali pantchito iye akudyera makolo, kuti bola kufa. Ameneyo ndi wokhumudwa, ndipo kukhumudwa kuli ndi chithandizo chake. Wachitatu amadzitsekera m'chipinda chifukwa mawu akumuuza kuti akatuluka aphedwa. Kukhala chete kwake ndi mantha, ndipo mawuwo akachepa adzatuluka yekha. Wachinayi wakhala zaka akutsekeredwa kuseri kwa nyumba, mwina pa unyolo, popanda womulankhula. Aliyense angazime atasungidwa motero.

Amene amatsala tikachotsa anayiwa ndi amene William Carpenter ndi anzake ku Maryland anawafotokoza mu 1988: kusowa chidwi kochokera m'matenda enieniwo, kokhalitsa, kosadalira mankhwala kapena kukhumudwa. Mukamufunsa sadandaula, sakhumudwa, alibe nazo kanthu basi. Makolo akakumbukira bwino amati zinayamba kale mawu asanabwere, mwina ali Fomu 2, pamene anasiya mpira, anasiya anzake, magiredi n'kutsika. Anthu otere ndi ochuluka pakati pa osamva mankhwala, ndipo kunena zoona palibe piritsi limene lasonyeza mphamvu yaikulu pa iwo. Chimene chimaoneka kuti chimathandiza ndi ntchito yokhazikika ya tsiku ndi tsiku imene wina akuichita naye limodzi, kuthirira dimba, kusankha nyemba, kuperekeza katundu kumsika. Kumukalipira kuti adzuke sikunadzutsepo aliyense.

Zolankhula zosalumikizika, mutu wosasunga, miyendo yosakhazikika

Peter Liddle mu 1987 anaona kuti pali gulu lachitatu loima palokha, la kusokonekera. Munthu amayamba chiganizo cha sopo n'kuthera pa Mose ndi Farao, amaseka pamaliro, amavala majekete atatu mu Okutobala, amatola zinyalala n'kudzaza m'matumba. Zikayamba munthu ali wamng'ono kwambiri kawirikawiri zimakhala zouma mutu pa mankhwala. Awa ndi amene timawaona m'misewu ya mu Limbe n'kumati ndiwo "amisala enieni", ngakhale ambiri mwa iwo sanalandirepo chithandizo chokwanira choti tinganene kuti chinakanika.

Zobisika kwambiri ndi za kuganiza: kuiwala zimene wauzidwa posachedwa, kulephera kutsatira nkhani yaitali, kusokoneza chenje pa okala, kulephera kukonza zochita zitatu motsatana. Vutoli limayamba matenda asanaonekere, limakhalapo ngakhale mawu atatha, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti ndilo limalosera bwino ngati munthu adzabwerere kuntchito kuposa mmene mawu amalosera. Mwa osamva mankhwala limakhala lokulirapo. Limapanganso msampha, chifukwa woiwalaiwala amaiwalanso mapiritsi. Apa ndidandaule pang'ono za benzhexol, Artane uja. Amathandizadi kuuma kwa thupi, koma akamangoperekedwa chaka ndi chaka popanda wofunsa ngati akufunikabe, amawonjezera kuiwala, amaumitsa m'mimba, ndipo amakulitsa kugwedera kwa milomo ndi lilime kumene kumabwera munthu akamwa mankhwala a misala kwa zaka zambiri.

Gadiyani wachitatu uja, wa m'bale wosakhazikika, nkhani yake ndi imene imandipweteka kwambiri chifukwa ndi yopeweka. Haloperidol ndi anzake amatha kuyambitsa vuto lotchedwa akathisia. Wodwala amamva kunyerenyetsa mkati mwa miyendo, sangathe kukhala pansi mphindi zisanu, akaima amapondaponda pamalo amodzi, usiku amazungulira nyumba. Abale amati matenda akula, kuchipatala awonjezera jakisoni, kusakhazikika kukulirakulira, abwereranso, awonjezeranso. Kusiyanitsa kwake n'kongomufunsa mwiniwake: chikukuyendetsani n'chiyani, mantha kapena miyendo? Wa akathisia amaloza miyendo. Vutoli limasautsa moti ena amafika poganiza zodzipha, chonsecho kuchepetsa mulingo, kapena kupereka propranolol, kumatha kulithetsa.

Za kudzipha zisachepetsedwe. Pafupifupi anthu 5 mwa 100 odwala schizophrenia amafa podzipha, ndipo chiopsezo chimakula mwa achinyamata amene akuzindikira zimene matendawa awalanda, makamaka masabata oyamba atatuluka m'chipatala. Za ndewu, ambiri mwa odwalawa sapweteka munthu. Iwo ndiwo amamenyedwa ndi kugendedwa. Ochepa amene amachita ndewu kawirikawiri pamakhala mawu olamula, mantha oti akufuna kuphedwa, kapena mowa ndi chamba.

Kunayamba liti kukana?

Kale anthu ankaganiza kuti mankhwala amayamba agwira, kenako thupi n'kuwazolowera. Kafukufuku wa ku England wasonyeza kuti kwa ambiri sizili choncho. John Lally ndi anzake mu 2016 anapeza kuti mwa osamva mankhwala, 70 mwa 100 mankhwala sanawagwirepo chiyambire. Arsime Demjaha ndi anzake, amene anatsatira odwala kwa zaka 10, anapeza 84 mwa 100 mu 2017. Amene matenda anawayamba ali aang'ono ndiwo ankapezeka kwambiri m'gululi.

Chifukwa chake chikuoneka kuti chili mu ubongo momwemo. Demjaha yemweyo mu 2012 anajambula ubongo wa odwala ndi makina a PET. Amene mankhwala ankawathandiza anali ndi ubongo wopanga dopamine wochuluka, pamene osamva mankhwala ankapanga wofanana ndi wa anthu osadwala. Patapita zaka ziwiri gulu lomwelo linapeza kuti osamvawo anali ndi glutamate, kemikolo inanso yonyamula mauthenga, wochuluka m'mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo. Anthu amene anayezedwa anali ochepa, koma tanthauzo lake ndi lomveka: ngati vuto la munthu silili pa dopamine, kumuunjikira mankhwala otseka dopamine sikungamuchize. Shitij Kapur ku Toronto anasonyeza mu 2000 kuti haloperidol amayamba kuthandiza akatseka pafupifupi 65 mwa 100 ya malo aja ofikira dopamine, ndipo akayandikira 80 thupi limayamba kuuma. Mpata wake ndi wochepa choncho. Kupyola pamenepo mukungogula dovu ndi kunjenjemera, ndipo kuphatikiza chlorpromazine, haloperidol ndi Modecate pa munthu mmodzi n'kutseka malo omwewo katatu.

Gulu laling'ono ndi la amene poyamba anachira bwino, n'kudzakana pambuyo pake. Robin Emsley wa ku Stellenbosch ku South Africa anatsatira odwala amene anasiya mankhwala atachira ulendo woyamba. Pafupifupi onse anadwalanso pasanathe zaka 3, ndipo ena mwa iwo mankhwala omwe aja sanawagwirenso ngati kale. Kwa ife iyi ndi nkhani yaikulu, chifukwa kudukiza mankhwala kuno nthawi zambiri sikuchokera kwa wodwala. Mwezi uliwonse umene munthu wabwerera chimanjamanja kuchokera ku famase ukhoza kumukankhira m'gulu limeneli. Kuchedwa kuyamba chithandizo nakonso kumachepetsa mwayi wochira, ndipo kafukufuku wa ku St John of God ku Mzuzu anasonyeza kuti ambiri amafika kuchipatala patapita miyezi yambiri, ena zaka, atayamba adzera kwa asing'anga ndi kumapemphero. N'chifukwa chake ntchito ya PROMISE, ya sukulu ya KUHeS ndi yunivesite ya Edinburgh, m'maboma a Chiradzulu ndi Salima, inasankha kugwira ntchito ndi asing'anga ndi atsogoleri a mipingo m'malo molimbana nawo.

Clozapine: amagwira pati, amalephera pati

Mankhwala amodzi okha ndiwo ali ndi umboni wolimba pa schizophrenia yosamva mankhwala. Clozapine anapangidwa ku Switzerland kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma mu 1975 anthu 8 anamwalira ku Finland maselo oyera a m'magazi awo, amene amateteza thupi ku matenda, atatha, ndipo mayiko ambiri anamusiya. Anabwerera chifukwa cha kafukufuku wa John Kane wa mu 1988: mwa odwala amene mankhwala ena anawakanika, 30 mwa 100 anapeza bwino pa clozapine m'masabata 6, pamene pa chlorpromazine anali 4 okha. Lero ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira.

Mphamvu yake yaikulu ili pa mawu ndi zikhulupiriro zosachoka zija. Amachepetsanso ndewu, ndipo kafukufuku wa mu 2003 wotsogozedwa ndi Herbert Meltzer anasonyeza kuti amachepetsa kuyesa kudzipha. Saumitsa thupi, choncho mnyamata wa ku Bangwe uja akhoza kumasuka nkhope. Koma pa kusowa chidwi kochokera m'matenda enieniwo, ndi pa kuiwalaiwala, phindu lake ndi lochepa. Banja limene vuto lake ndi la munthu wongokhala duu lisalonjezedwe zozizwitsa.

Mtengo wake weniweni ndi magazi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 maselo oyera amatsika moopsa, makamaka m'miyezi yoyambirira, choncho ku Britain amayeza sabata iliyonse kwa masabata 18, kenako pa masabata awiri alionse mpaka chaka chithe, kenako mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wa ku Zingwangwa, kufika pa Gulupu sabata iliyonse n'kotheka. Kwa wa kumudzi ku Chileka n'ndalama yosayamba. Si mankhwala amene mungawapeze pa chipatala chaching'ono cha m'dera, ndipo amayambitsidwa ndi akatswiri pang'onopang'ono. Akadukiza kupitirira maola 48 sayambiranso pa mulingo wakale, amabwerera pansi, chifukwa akhoza kugwa ndi chizungulire kapena kukomoka.

Pali mfundo imene imatikhudza ife makamaka. Anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa Sahara tili ndi mtundu wa magazi wopanda chizindikiro chotchedwa Duffy, umene umateteza ku malungo a mtundu wa vivax. Anthu otere mwachibadwa maselo oyera otchedwa neutrophil amaoneka ochepa akayezedwa, popanda kudwaladwala kulikonse. Miyezo yoyamba ya clozapine inakonzedwa poyang'ana magazi a azungu, ndipo anthu akuda ambiri ku Britain ndi ku America anakanizidwa kapena kusiyitsidwa mankhwalawa popanda chifukwa chenicheni, mpaka America inasintha malamulo ake mu 2015. Dokotala wa ku Blantyre amene angatsatire manambala akale aja adzabweza odwala amene akanathandizika. Mbali inayo, amene ali pa ma ARV ndipo akumwa Bactrim, kapena amene ali pa carbamazepine, amafuna kuunikidwa mwapadera chifukwa mankhwala amenewanso amatsitsa maselo oyera. Ndipo womwa clozapine akatentha thupi ndi kumva zilonda kukhosi, asangomugulira LA pagolosale poganiza kuti ndi malungo. Magazi ayezedwe tsiku lomwelo. Dovu la usiku lonyowetsa pilo, tulo, kunenepa ndi shuga n'zodziwika. Chimene ambiri amachipeputsa ndi kudzimbidwa, chonsecho kwapha anthu matumbo atatsekeka.

Ngakhale clozapine amathandiza pafupifupi anthu 40 mwa 100 amene amuyesa, kutanthauza kuti oposa theka amatsalabe ndi zizindikiro. Kwa iwo, kafukufuku wa Georgios Petrides ku New York mu 2015 anapeza kuti theka anapeza bwino atawonjezeredwa chithandizo cha magetsi cha ECT. Uphungu wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, unayesedwa ku Britain mu 2018 pa anthu amene clozapine anawakanika; unathandiza pang'ono pamene unkachitika, koma pofika miyezi 21 kusiyana kunali kutazimiririka. Mu Seputembala 2024 America inavomereza Cobenfy, mankhwala oyamba a schizophrenia osadzera kotseka dopamine, koma chilolezo chake sichinachokere pa kafukufuku wa anthu osamva mankhwala.

Pali gulu lomaliza limene muyezo wa TRRIP umalisiya kunja mwadala. Ndi munthu amene mawu akuwamvabe tsiku ndi tsiku, koma anawazolowera, amadziwa kuti ndi matenda, amadzuka m'mawa n'kukatsegula benchi yake ya tomato mumsika wa Limbe, ndipo ana ake ali pasukulu. Poti matendawa sakumulepheretsa kukhala ndi kugwira ntchito, sawerengedwa kuti ndi wosamva mankhwala. Kumuwonjezera mulingo pofuna kuti mawuwo atheretu kukhoza kumugoneka mpaka masana, benchi n'kutsekedwa. Asanasinthe chilichonse m'kabuku kake, dokotala ayambe wamufunsa mwiniwakeyo ngati mawuwo akumusautsa moti angalolere tulo ndi kuuma thupi kuti achepe.